Chithunzi Chikanama, Adzatiuza Zoona Ndani?

Awa ndi mau amene anayankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi, atsogoleri a mipingo, amalonda ndi achinyamata pa boma la Ntcheu. Tawasindikiza monga momwe anayankhulidwira.

Ndikuona pakati pathu akuluakulu amene anakhala zaka zambiri ku Lusaka, ku Dar es Salaam ndi ku Harare pothawa nkhanza za ulamuliro wa chipani chimodzi, nabwerera kwao chikhululukiro chitalengezedwa mu 1993. Kwa inu nkhani ya leroyi si yachilendo ai, pakuti mukudziwa chimene chimachitika ofesi imodzi ikakhala ndi mphamvu yonena yokha kuti ichi n'choona, ichi n'chabodza.

Ndapemphedwa kuti ndiyankhule za zithunzi za nkhope za anthu zimene zimapangidwa ndi kompyuta, ndiponso za makina ena amene amaphunzitsidwa kugwira zithunzi zoterozo. Mfundo yanga ndi imodzi, ndipo ndiinena poyamba pomwe kuti wosinza pakati asabwerere kunyumba chimanjamanja. Makina ogwira zithunzi zabodza alipodi, ndipo ndi othandiza, koma ndi mboni chabe, si woweruza ai. Tsiku limene tidzawaike pa mpando wa woweruza, n'kupereka makiyi ake kwa olamulira okha, tidzakhala titabweza ndi manja athu chimene tinachikana pa 14 June 1993.

Chithunzi chinapachikapo munthu wa kuno

Tiyambire kwathu konkuno. Akuluakulu mukuwakumbuka a Albert Muwalo Nqumayo, mwana wa boma lino la Ntcheu, amene anali nduna mu ofesi ya Pulezidenti ndiponso mlembi wamkulu wa Malawi Congress Party. Anali munthu woopedwa, ndipo ambiri amene anagona ku Mikuyu popanda mlandu ankatchula dzina lao. Koma mu 1976 nawonso anamangidwa, ndipo anazengedwa mlandu woukira boma pamodzi ndi a Focus Gwede, mkulu wa Special Branch, m'khoti la mafumu momwe loya sankaloledwa kuimira woimbidwa mlandu. Mwa umboni umene khotilo linalandira munali makalata opanda dzina la wolemba, ndipo powalandira linatsamira pa mwambi uja wakuti utsi sufuka popanda moto. Munalinso zithunzi za nduna zakale zimene zinathawa m'dziko muno pambuyo pa mkangano wa nduna wa mu 1964. Kungosunga zithunzizo kunatengedwa ngati chizindikiro chakuti mtima wao unali ndi zigawenga. Mu 1977 a Muwalo ananyongedwa.

Sindinabwere kudzawayeretsa a Muwalo. Ndikufuna muone chinthu chimodzi basi. Zithunzi zimene zija zinali zenizeni, zojambulidwa ndi kamera, koma zinathandiza kupha munthu chifukwa panalibe wololedwa kufunsa mafunso. Nanga lero, pamene mnyamata wa foni ya m'manja angathe kupanga chithunzi cha inuyo mutakhala pansi ndi munthu amene simunakumanepo naye chibadwire, zingathe bwanji ngati mafunso aletsedwanso?

Nkhope yopanda mwini

Kuti timvetse makina ogwira, tiyambe tamvetsa makina opanga. Mu 2014 wophunzira wina wa pa yunivesite ya Montreal ku Canada, Ian Goodfellow, pamodzi ndi anzake, anapeza njira yopikisanitsa mapulogalamu awiri a kompyuta. Taganizani za anthu awiri, wina wosindikiza ndalama zachinyengo, wina wa ku banki wozigwira. Wachinyengo akapanga pepala lake, wa ku banki amati iyi ndi yabodza, ndaigwirira apa. Wachinyengo amabwerera kukakonza pomwepo. Akatero kambirimbiri, usana ndi usiku osapuma, pamafika poti wa ku banki uja sathanso kusiyanitsa. Umu ndi momwe kompyuta inaphunzirira kupanga nkhope.

Chakumapeto kwa 2018 kampani ya Nvidia ya ku America inatulutsa pulogalamu yotchedwa StyleGAN, imene inaphunzitsidwa ndi zithunzi 70,000 za nkhope za anthu enieni. Mu February 2019 panatsegulidwa tsamba la pa intaneti limene ukalitsegula limakuonetsa nkhope yatsopano nthawi iliyonse, nkhope ya munthu amene sanabadwe, alibe amake, alibe mudzi, alibe mfumu. Mu December chaka chomwecho Facebook inatseka maakaunti oposa 600 amene ankafalitsa nkhani za ndale za ku America, ndipo ena mwa iwo anali ndi nkhope zopanga zoterezi. Kuyambira mu 2022 kwabweranso mapulogalamu ena, monga Midjourney ndi Stable Diffusion, amene umangowalembera mau, iwo n'kukujambulira chimene wanena. Ambiri a inu munaona chithunzi cha Papa Francis atavala chijekete choyera cha anyamata a m'tauni mu March 2023. Papa sanavalepo chijekete chimenecho.

Wina anganene kuti izi ndi za Azungu, ife kuno zikutikhudza pati? Zikutikhudza pa thumba ndi pa voti. Mabanja angati muno ali ndi mwana ku Joni? Nkhope yokongola yopanda mwini imatha kupempha chibwenzi kwa mwana wanuyo, kapena kulonjeza ntchito, kapena kudzitcha bwana wa bungwe lopereka ngongole, mpaka ndalama za mbatata ya ku Tsangano zitatumizidwa pa foni. Kale wakuba wotere ankaba chithunzi cha munthu weniweni, ndipo ukachifufuza pa intaneti unkampeza mwini wake. Nkhope yopanga ilibe kumene ungaipeze. Pa ndale ndiye zoopsa kwambiri, pakuti munthu mmodzi atha kulenga khamu la anthu chikwi, aliyense ndi nkhope yake ndi dzina lake, onse n'kumatukwana mtundu wina kapena chigawo china, ife n'kumayesa kuti ndi maganizo a Amalawi anzathu.

Maso athu okha salimba

Poyamba nkhope zimenezi zinali ndi zilema zooneka. Ndolo ya khutu lino inkasiyana ndi ya khutu linalo, mano ankaphatikana, magalasi a m'maso ankasungunukira m'tsaya, ndipo za kumbuyo kwa munthuyo zinkaoneka ngati phala. Nkhope za StyleGAN zili ndi khalidwe linanso: maso amakhala pa malo amodzimodzi m'chithunzi chilichonse, kotero kuti ukasanjikiza zithunzi khumi maso onse amagwera pamodzi. Zizindikiro izi zidziweni, zimathandizabe nthawi zina, koma opanga akhala akuzichotsa chimodzichimodzi.

Mu 2022 akatswiri awiri, Sophie Nightingale wa ku yunivesite ya Lancaster ku Mangalande ndi Hany Farid wa ku Berkeley ku America, anaonetsa anthu 315 nkhope zosakaniza, zenizeni ndi zopanga, kuti asiyanitse. Anthuwo anakhoza ka 48 pa 100 paliponse. Munthu wongoponya ndalama m'mwamba kuti aone mbali imene igwere akanakhoza ka 50. Gulu lina litaphunzitsidwa zizindikiro linangofika pa 59. Chodabwitsa china n'chakuti anthu atafunsidwa kuti ndi nkhope ziti zimene akuziona zokhulupirika, zopanga zija zinaposako pang'ono zenizeni. Makolo athu ananena kale kuti chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Makina ogwira amaphunzira bwanji

Popeza maso alephera, akatswiri anati titume kompyuta kukagwira kompyuta inzake. Njira yake ndi iyi. Amasonkhanitsa zithunzi zikwizikwi, n'kuzigawa milu iwiri, wa zenizeni ndi wa zopanga. Amaonetsa kompyuta chithunzi chimodzi, iyo n'kulota yankho. Ikalakwa amaiuza kuti walakwa, ndipo imasintha pang'ono kawerengedwe kake. Akabwereza zimenezi kambirimbiri, imayamba kukhoza ngakhale pa zithunzi zimene sinaonepo. Palibe amene amailembera malamulo akuti yang'ana khutu kapena yang'ana mano. Imadzipezera yokha, monga mayi wa pa msika wa Lizulu amene wagwira nyemba zaka makumi awiri, ndipo akangopisa dzanja m'thumba amadziwa kuti izi ndi za chaka chatha, ngakhale sangakufotokozereni bwino chimene wamva.

Chimene makinawa amaona kawirikawiri si chimene ife timaona. Chithunzi cha pa foni ndi timadontho ting'onoting'ono tambirimbiri. Kamera imasiya kachizindikiro kake m'kasanjidwe ka timadonthoto, ndipo pulogalamu yopanga nkhope imasiyanso kake, monga momwe taipi iliyonse inkasiyira chilema chake pa zilembo. Inu amene munkatayipa makalata a chinsinsi mu 1992 mukudziwa chifukwa chake simunkafuna kuti taipi yanu idziwike. Pomaliza makinawo sanena kuti inde kapena ai. Amangopereka nambala, monga kuti pa 100, ndikuganiza 80 kuti n'chopanga. Malire akuti kuyambira pa nambala iti tizinena kuti n'chabodza amaika ndi munthu.

Tsono mboni imeneyi ili ndi zofooka zitatu zimene aliyense woigwiritsa ntchito ayenera kuzidziwa.

Choyamba, imadziwa bwino akuba amene inawaona pophunzira, koma wakuba watsopano amaidutsa. Mu 2019 ndi 2020 Facebook ndi makampani ena anachititsa mpikisano wa dziko lonse wogwira mavidiyo a nkhope zosinthidwa, ndipo analowa anthu oposa 2,000. Pulogalamu imene inapambana inakhoza ka 82 pa 100 pa mavidiyo amene onse anapatsidwa poyera, koma itayesedwa pa mavidiyo achilendo amene anabisidwa inatsika kufika pa 65. Kumbukiraninso wachinyengo ndi wa ku banki aja. Wogwira aliyense watsopano amasanduka mphunzitsi wa wopanga. Mpikisano umenewu ulibe tsiku lomaliza.

Chachiwiri, zithunzi zimene zimafika kwa ife kuno zimakhala zitayenda ulendo wautali. Chithunzi chikamatumizidwa pa WhatsApp chimafinyidwa kuti chisadye bandulo yambiri, wina amachijambulanso pa galasi la foni, wina amachidula m'mbali. Pofika ku Kasinje kapena ku Bilira, timadontho tija tafufutika ngati mapazi a mbala pamene padutsa ng'ombe. Makina amene amakhoza bwino ku yunivesite atha kusokonezeka ndi chithunzi cha m'foni mwanu.

Chachitatu ndi chokhudza khungu lathu. Makina amadziwa zimene anadyetsedwa. Mu 2018 Joy Buolamwini, wofufuza wa makolo a ku Ghana, ndi Timnit Gebru wobadwira ku Ethiopia, anayesa mapulogalamu a makampani akuluakulu ouza ngati nkhope ndi ya mwamuna kapena ya mkazi. Pa amuna oyera khungu kulakwa sikunafike ngakhale kamodzi pa 100, koma pa akazi akuda pulogalamu ina inalakwa pafupifupi ka 35 pa 100. Mu 2023 ofufuza a ku yunivesite ya Buffalo ku America anapezanso kuti makina ena ogwira nkhope zopanga amanamizira nkhope zenizeni za amuna akuda kuti n'zabodza kawirikawiri kuposa momwe amachitira ndi akazi achizungu. Mwamva bwino, amayi ndi abambo. Makina atha kuyang'ana nkhope yanu yeniyeni, yobadwa nayo, n'kunena kuti munthu uyu kulibe.

Tiwerengere limodzi. Mu 2017 boma linalembetsa Amalawi oposa 9 miliyoni kuti alandire ziphaso za unzika, aliyense ndi chithunzi chake, ndipo chiphaso chimenechi ndicho timalembetsera mavoti. Tiyerekeze kuti tsiku lina wina wabwera ndi makina abwino kwambiri, olakwa kamodzi kokha pa 100, nati tisefe kaundula tichotse anthu opeka. Kamodzi pa 100 mwa anthu 9 miliyoni ndi anthu 90,000. Anthu amoyo, odya nsima, olipira msonkho, atauzidwa kuti ndi mizukwa. Akadandaule kwa yani, ngati yankho likhala lakuti kompyuta yatero?

Wabodza amapindula kawiri

Pali vuto linanso limene anthu saliganizira. Anthu akadziwa kuti zithunzi zimapangidwa, wolakwa weniweni amapeza pothawira. Mukamugwira ndi chithunzi akulandira chiphuphu, iye angoti ndi za kompyuta izo. Bodza limalowa ngati choona, choonanso chimatayidwa ngati bodza.

Za bodza lolowa ngati choona, aneba athu a ku Zambia anazilawa mu October 2023, pamene panafala vidiyo yoonetsa Pulezidenti Hakainde Hichilema akunena kuti sadzaimanso pa chisankho cha 2026. Ofufuza nkhani anapeza kuti mau ake anali ochita kupanga. Za mbali inayo, taonani ku Gabon. Pulezidenti Ali Bongo anadwala sitiroko mu October 2018 ndipo anakhala miyezi osaoneka. Boma litatulutsa vidiyo yake ya uthenga wa chaka chatsopano, anthu ena anati nkhopeyo siikuyenda bwino, ndi yopanga. Pa 7 January 2019 asilikali ena analanda nyumba ya wailesi pofuna kugwetsa boma, natchula vidiyo yomweyo ngati umboni wakuti mtsogoleri sali bwino. Akatswiri sanapeze umboni wokwanira wakuti inali yopanga. Kukaikira kokhako kunatsala pang'ono kugwetsa dziko m'mwazi, ndipo gwero lake linali boma lozolowera kubisa zinthu.

Ife a ku Ntcheu tikudziwa kulemera kwa masiku otere. Pa 10 June 2024 ndege imene inanyamula Wachiwiri kwa Pulezidenti, malemu Dr. Saulos Chilima, mwana wa ku Nsipe, inasowa, ndipo inapezeka tsiku lotsatira m'nkhalango ya Chikangawa. Mukukumbuka momwe mafoni athu anadzazira ndi mphekesera usiku umenewo, ndi momwe mitima inalili pa mseu uwu pamene maliro ankabwera kumudzi. Pa tsiku lotero, chithunzi chimodzi chopanga chikhoza kuyatsa moto umene apolisi onse a m'dziko muno sangauzime. N'chifukwa chake sindikunena kuti makina ogwira tiwataye. Tikuwafuna. Funso ndi lakuti akhale m'manja mwa yani, ndipo aziyankha kwa yani.

Makiyi asakhale m'thumba limodzi

Kumayambiriro kwa 2025 kunamveka kuti bungwe la MACRA likugula makina otsata nkhani zabodza pa intaneti kwa kampani ya ku Ghana yotchedwa Hashcom, pa mtengo wa pafupifupi madola a ku America 1.5 miliyoni. Mabungwe omenyera ufulu wa anthu anadandaula, makamaka poti chinali chaka cha chisankho, ndipo a MACRA anayankha kuti cholinga sichinali kuzonda anthu. Makina amenewo si ogwira nkhope kwenikweni, koma funso limene anadzutsa ndi lomweli. Dziko lino linakhalapo ndi Censorship Board, yokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1968, imene inkatisankhira buku loti tiwerenge ndi nyimbo yoti timvere, ndipo nayonso inkati ikutiteteza. Sindikuloza chala chipani chilichonse. Chipani chili chonse chikakhala m'boma chimamva kukoma kukhala ndi chidindo cholemba kuti BODZA, ndipo chidindo chotere sichichedwa kugwera pa chithunzi choona chimene chikuchititsa manyazi bwana.

Njira yabwino tinaiona ndi maso athu. Pa chisankho cha May 2019 mapepala a zotsatira anafufutidwa ndi Tipp-Ex. Mlandu umene a Chilima ndi a Lazarus Chakwera anakasuma unamvedwa poyera, oweruza asanu atakhala pansi, wailesi zikuulutsa, amayi akumvera ali ku dimba. Akatswiri a makompyuta anaperekera umboni, koma maloya a mbali inayo anawapanikiza ndi mafunso. Pa 3 February 2020 khoti linafafaniza chisankhocho. Chinatipulumutsa si katswiri mmodzi kapena chida chimodzi, koma bwalo loyera pamene mboni iliyonse inafunsidwa. Ikani bwalo limeneli pambali pa khoti limene linaweruza a Muwalo, muona kusiyana kwa 1977 ndi 2020. Makina ogwira nkhope alowe m'bwalo ngati limeneli, aime pamene pamaima mboni, afunsidwe kuti unaphunzitsidwa ndi zithunzi za ayani, umalakwa kangati, ndipo pa nkhope zakuda unayesedwapo kodi?

Tsono tichite chiyani

Kwa aphungu athu a Nyumba ya Malamulo, pempho ndi lakuti pasakhale munthu womangidwa, wochotsedwa m'kaundula wa voti kapena wotsekeredwa nyuzipepala chifukwa cha nambala yotuluka m'makina yokha. Chida chilichonse chotere chimene boma ligula ndi misonkho yathu chiyesedwe poyera, ndipo atolankhani, makhoti ndi zipani zotsutsa akhale ndi mwai wochigwiritsa ntchito chimodzimodzi.

Kwa ana athu ophunzira, ntchito ilipo. Mu 2023 yunivesite ya MUST ku Thyolo inatsegula likulu la maphunziro a nzeru za makompyuta zimenezi. Ophunzira a kumeneko ndi a m'mayunivesite ena atha kuyesa makina ogwirawa pa nkhope za Amalawi, zojambulidwa ndi mafoni otchipa a kuno, zodutsa pa WhatsApp, eni nkhopezo atavomera, n'kutiuza poyera kuti amalakwa kangati. Zimenezi sadzatichitira wa ku California.

Kwa inu ndi ine, chida chathu ndi mafunso akale omwe aja amene nkhoswe imafunsa mnyamata wodzafunsira mbeta. Kwanu n'kuti? Mfumu yanu ndani? Akukudziwani ndani? Chithunzi chikafika m'foni mwanu chifunseni chimodzimodzi. Anayamba kuchitumiza ndani? Chinajambulidwa kuti, tsiku liti? Ngati ndi msonkhano wa pa Kampepuza, bwanji pali chithunzi chimodzi chokha pamene panali mafoni mazana? Kodi pali wailesi kapena nyuzipepala yodziwika imene ili ndi mtolankhani amene anaona? Ngati nkhope ikupempha ndalama, ikupatseni munthu wamoyo amene mungakumane naye maso ndi maso. Ndipo chithunzi chikakukwiyitsani kwambiri mpaka chala kuyabwa kuti mutumize msanga, pamenepo ndiye dikirani, pakuti wochipangayo amadalira mkwiyo wanuwo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ufulu woyankhula tinaupeza movutikira, ndipo ena anaufera. Wopanga nkhope zabodza akufuna kuuononga podzaza bwalo ndi mizukwa. Wolonjeza kutiteteza ndi makina ake okha atha kuuononga potseka bwalolo. Onse awiri tiwayankhe mofanana: bweretsa umboni wako poyera, tiufunse mafunso.

Amene ali ndi mafunso ndili pompano.